Kajambulidwe ka Tizithunzi ta Nyama ndi Anthu pa Makhadi a Masewera

Khadi likakhala m'manja mwa wosewera, mbali yake yaikulu imabisika. Munthu amagwira makhadi asanu kapena asanu ndi awiri atawatambasula ngati mchira wa nkhukutembo, ndipo chimene chimaoneka pa khadi lililonse ndi kangodya ka kumtunda chakumanzere, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Pamenepo ndi pamene kachithunzi kanu kadzagwire ntchito yake. Kakalephera pa kangodyako, ndiye kuti kalephera basi, ngakhale chithunzi chachikulu cha pakati chikhale chokongola motani.

Kuno ku Mzuzu pali chifukwa china chofunira kachithunzi kodziwika msanga. Pa tebulo limodzi ku Chibavi kapena m'mahositelo a ku Luwinga mutha kupeza wina akuyankhula Chitumbuka, wina Chitonga cha ku Nkhata Bay, wina Chinkhonde, onse akulumikizana m'Chichewa. Wina akuti fulu, wina kamba. Kachithunzi kabwino sikadikira kuti anthu ayambe agwirizana dzina.

Chitsanzo chimene titsatire ndi masewera a makhadi 36: otchulidwa (nyama kapena anthu ojambulidwa pa makhadi) asanu ndi mmodzi, aliyense makhadi 6. Nambalayi siinangobwera. Pepala la A4 limanyamula makhadi 9, ndiye mapepala 4 akwana popanda kutaya malo.

Zofunika kukhala nazo

Pensulo ya HB, rula yachitsulo ya masentimita 30, cholembera chakuda chokhuthala chonga cholembera pa makatoni, cholembera chakuda chopyapyala, chofufutira, mapepala oyera a A4 okwana 10 oyeserera, ndi lezala kapena kampeni kodulira mapepala. Foni yokhala ndi kamera ikwana. Kompyuta imathandiza koma si kuti popanda iyo ntchito yaima. Njira ya fotokope ndi ya chidindo zili m'munsimu. Rula yapulasitiki isiyeni: lezala limaisenga, ndipo pofika khadi lakhumi mizere imakhala itayamba kukhota.

Poyamba: lembani, musajambule

Tengani pepala, lembani mayina a otchulidwa anu pansi ndi pansi. Kutsogolo kwa dzina lililonse lembani zinthu ziwiri zokha: zimene khadilo limachita m'masewera, ndi chinthu chimodzi cha pathupi chimene wina aliyense pa mndandandawo alibe. Chimodzi, osati zitatu.

Kalulu: amalumpha wosewera wotsatira, makutu aatali. Fisi: amalanda khadi kwa mnzake, msana wotsetsereka. Fulu: amateteza, chigoba. Njovu: imaposa onse, chitamba. Ng'ona: imameza makhadi a pakati, kukamwa kwa mano. Nyani: amasinthanitsa makhadi, mchira wopindika.

Nyama za m'nthano zili ndi ubwino woti anthu amadziwa kale khalidwe lake. Palibe amene angadabwe kuti Fisi akulanda kapena kuti Kalulu wazemba. Mukapatsa Fulu mphamvu yothamanga, osewera azilakwitsa mpaka kalekale, chifukwa zimene anamva kwa agogo n'zamphamvu kuposa kapepala kanu ka malamulo.

Yang'anani mndandandawo ngati muli awiri ofanana. Kalulu ndi Bulu onse ndi a makutu aatali. Fisi ndi Galu akachepetsedwa amasanduka nyama imodzi. Nkhanga ndi Nkhuku chimodzimodzi, chifukwa madontho a nkhanga amatayika. Mmodzi achoke pompano, musanawononge inki.

Palinso zizindikiro zimene zili ndi eni ake. Tambala wakuda anthu amamuwerenga ngati MCP, chimanga pa mtundu wa buluu ngati DPP, ndipo masewera a ana a sukulu angasanduke mkangano wa ndale mosayembekezera. Kadzidzi ndi wosavuta kujambula, koma ambiri amamulumikiza ndi ufiti, ndipo makolo ena sangalole khadi lotere m'nyumba. Zilombo za Gule Wamkulu ndi zovala za Vimbuza si zoseweretsa. Eni mwambo sakondwa kuziona zikumenyetsedwa pa tebulo. Ndipo ngati mukufuna makhadiwo alowe m'kalasi kapena m'gulu la achinyamata a kutchalitchi, asafanane ndi makhadi a njuga: pewani mtima wofiira, dayimondi ndi sipedi.

Chachiwiri: miyeso

Khadi lodziwika padziko lonse ndi la mainchesi 2.5 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, kutanthauza mamilimita 63.5 ndi 88.9. Pogwira ntchito gwiritsani 63 ndi 88. Lilipo lina lopyapyala la mamilimita 57 m'lifupi, labwino kwa ana a manja aang'ono, koma limakuchepetserani malo.

Pa khadilo muika kachithunzi kamodzimodzi m'misinkhu iwiri. Ka pangodya kakhale mamilimita 12 mbali zonse. Ka pakati kakhale 40. Siyani mamilimita 5 kuchokera m'mphepete mwa khadi kufika pamene kachithunzi kayambira, chifukwa kudula ndi manja kumaphonya ndi milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo makutu a Kalulu ndiwo amayamba kupita.

Ka pangodya kakhale kumtunda chakumanzere, kena kumunsi chakumanja mozondoka, kuti khadi liziwerengeka ngakhale munthu alitole chadodolido. Amanzere ambiri amatambasula makhadi mobwerera, ndiye kwa iwo kangodya kamene kamaoneka ndi ka kumanja. Malo akalola, ikani m'ngodya zonse zinayi.

Chachitatu: mthunzi wakuda

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu odziwa kujambula amalakwitsa kwambiri kuposa osadziwa. Wodziwa amayamba ndi chithunzi chachikulu chodzaza pepala, cha ubweya, nsidze ndi zikhadabo, kenako n'kuchichepetsa. Chikafika pa mamilimita 12 chimasanduka kadontho konga ntchentche yophwanyidwa.

Inu yambirani kochepa. Jambulani timabokosi ta masentimita 2 mbali zonse, 10 pa wotchulidwa aliyense, onse pamodzi 60. M'kabokosi kalikonse jambulani ndi cholembera chokhuthala chija, mwachangu, osapitirira theka la mphindi, ndipo mudetse thupi lonse bii. Maso ayi, mkamwa ayi, madontho ayi. Mthunzi wokha, ngati wa munthu amene waima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwake. Cholembera chokhuthala chimakukanizani dala kuika tinthu ting'onoting'ono, n'chifukwa chake pensulo siyiloledwa pa sitepe imeneyi.

Njirayi ndi yakale. Cha m'ma 1480 opanga makhadi a ku France anasiya zizindikiro zovuta kujambula n'kutenga zinayi zosalala, zamtundu umodzi umodzi, zofiira ndi zakuda, zoti angathe kuzipaka mwachangu kudzera pa pepala lobooledwa. Zizindikiro zomwezo ndi zimene zili pa makhadi ogulitsidwa mumsika wa Mzuzu lero, ndipo munthu amazizindikira ali kutali ndi tebulo.

Aliyense mwa asanu ndi mmodziwo mumupatse maonekedwe akeake a thupi lonse. Fulu akhale theka la bwalo, ngati mbale yovundikira, kamutu katatulukira kutsogolo. Njovu ikhale yamakona anayi, yodzaza bokosi. Ng'ona ikhale yopingasa, yaitali, koma muipinde mchira m'mwamba, apo ayi idzakhala kamzere kopyapyala pakati pa bokosi lopanda kanthu. Kalulu akhale woima, makutu atatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake wonse. Fisi akhale ngati mphanda ya denga lopendekera kumodzi: mapewa m'mwamba, matako pansi, mutu wolendewera. Nyani akhale chokhala, mchira utapanga ndowe kumbuyo.

Kokomezani chinthu chimodzi chija. Makutu enieni a kalulu safika pamenepo, ndipo chitamba cha njovu sichikhuthala motero, koma kachithunzi kokhulupirika ku nyama yeniyeni kamakhala kosaoneka.

Sankhani mbali imodzi yoonera onse. Nyama zimaoneka bwino chammbali, zonse zitayang'ana kumodzi. Fisi woyang'ana kutsogolo amataya msana wake n'kusanduka chimbalangondo; Ng'ona yoyang'ana kutsogolo siidziwika n'komwe. Mukasakaniza, wina chammbali wina chakutsogolo, makhadiwo amaoneka ngati atoledwa m'mapaketi osiyana.

Mukatha, ikani pepalalo pansi, imirirani, muliyang'ane muli chilili. Pa mizere ya timabokosi 10 ija, zungulizani kamodzi kamene diso lakazindikira msanga. Nthawi zambiri sikakhala kamene munakakonda pojambula.

Ngati otchulidwa anu ndi anthu

Anthu ndi ovuta kuposa nyama chifukwa onse ndi mutu umodzi ndi mapewa awiri. Nkhope siithandiza pa mamilimita 12. Chimene chimasiyanitsa ndi cha pamutu kapena cha m'manja, ndipo chiyenera kutulukira kunja kwa mthunzi wa thupi. Mayi wogulitsa nthochi adziwike ndi beseni pamutu, lotambalala kuposa mapewa ake. Msodzi wa ku Nkhata Bay adziwike ndi nkhafi yoima chopingasa kumbuyo kwake. Wakabaza, amene ambiri kuno amamutchula wa sakaramento, adziwike ndi mahandulo a njinga kutsogolo kwa chifuwa. Njinga yonse musaijambule, masipoko amamatana. Mlimi akhale ndi khasu paphewa ndi chipewa chamlaza. Mfumu ikhale ndi litchowa m'manja. Namwino akhale ndi kachipewa kake.

Chinthu chimene chili mkati mwa thupi, monga baji ya pachifuwa kapena maluwa a pachitenje, chimamira mu inki. Jambulani kuyambira pachifuwa kupita kumtunda. Munthu wathunthu kufika kumapazi amasiya mutu wochepa ngati njere ya mapira.

Chachinayi: kujambula koyera, kanayi kukula kwake

Tsopano tengani mthunzi munasankha uja muujambule bwinobwino pa bokosi la mamilimita 48 mbali zonse. Ndi kanayi kukula kwa 12. Ligaweni m'timabokosi 12 m'lifupi ndi 12 m'litali, kalikonse mamilimita 4, ndi pensulo yosadinikiza. Kabokosi kamodzi pano kadzakhala milimita imodzi pa khadi. Siyani mzere umodzi wa timabokosi wopanda kanthu kuzungulira konse. Amene ali ndi kope la masamu la timabokosi ta mamilimita 5 atha kutenga timabokosi 10 mbali zonse. Akachepetsa kanayi apeza 12.5, zomwe zili bwinobwino.

Malamulo ake ndi atatu, ndipo onse amachokera ku khalidwe la inki pa pepala.

Mzere uliwonse usachepere mamilimita 2 pa chithunzi chachikuluchi, kuti pa khadi ukhale theka la milimita. Wopyapyala kuposa apo umaduka-duka, makamaka pa makina amene tona yake (inki ya ufa) yatsala pang'ono kutha.

Mpata woyera pakati pa zinthu ziwiri zakuda, monga pakati pa makutu a Kalulu kapena miyendo ya Njovu, usachepere mamilimita 3. Mpata umafuna malo ochuluka kuposa mzere chifukwa inki imafalikira kulowa poyera, siibwerera pakuda. Makutu awiri oyandikana kwambiri amatuluka ngati khutu limodzi lonenepa.

Za mkati zisapitirire zitatu, ndipo zikhale zoyera pa thupi lakuda. Diso limodzi, kadontho ka mamilimita 4. Kwa Fulu, mizere iwiri yopingasana pa chigoba. Kwa Fisi, madontho atatu akuluakulu, osati makumi awiri aang'ono. Kwa Ng'ona, mano atatu. Pa kachithunzi ka pakati ka mamilimita 40 mutha kuwonjezera pang'ono, monga nsidze kapena kamwa, bola mthunzi wa kunja ukhale womwewo ndendende. Wosewera aziona kuti wa pangodya ndi wa pakati ndi mmodzi.

Khalidwe limachokera pa diso ndi kaimidwe. Kamzere kopendekera pamwamba pa diso, kotsikira chakumphuno, kamapangitsa Fisi kuoneka wachiwembu. Khutu limodzi la Kalulu likapindika pang'ono, akuoneka kale kuti pali chimene akuganiza. Zokwana.

Mukamaliza onse asanu ndi mmodzi, ayikeni pamzere n'kutsinzina pang'ono. Mudzaona kuti Njovu yadetsa bokosi lonse pamene Nyani akuoneka wowonda. Achepetseni kusiyanako: Njovu muibweze mkati ndi theka la kabokosi, Nyani mumunenepetse miyendo ndi mchira. Aliyense adetse pafupifupi theka la bokosi lake. Zozungulira ndi zosongoka zimaoneka zazing'ono kuposa zamakona ngakhale muyeso uli umodzi, choncho chigoba cha Fulu ndi nsonga za makutu a Kalulu muzilole kutulukira pang'ono pa malire.

Chachisanu: mitundu, ngati ikufunika

Kachithunzi kayambe kagwira ntchito kali kakuda ndi koyera. Mtundu ubwere pambuyo ngati wothandizira, kumbuyo kwa kachithunzi, m'kabwalo kapena m'kabokosi. Mitundu isapitirire itatu pa khadi limodzi, kuwerengera wakuda ndi woyera womwe.

Musadalire kufiira ndi kubiriwira kusiyanitsa magulu awiri. Pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, ndipo ambiri sadziwa kuti ali ndi vutoli. Ngakhale kwa amene amaona bwino, magetsi akazima n'kuyatsa kandulo, buluu wakuda ndi wobiriwira wakuda zimafanana, chikasu chimaoneka ngati choyera. Gulu lililonse likhale ndi mtundu wake komanso mpanda wake: lina bwalo, lina bokosi, lina makona atatu.

Thupi lakuda likhale pa mtundu wowala, monga chikasu kapena buluu wotuwa. Pa mtundu wakuda monga wofiira wa magazi, thupi likhale loyera. Kuti mudziwe ngati zasiyana mokwanira, jambulani ndi foni n'kusintha chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Kachithunzi kakamira, sinthani.

Dziwaninso kuti foni imaonetsa mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi. Buluu wowala ndi wobiriwira wonyezimira wa pa foni amatuluka wofooka pa pepala. Si vuto la amene akukusindikizirani.

Chachisanu ndi chimodzi: kuchotsa pa pepala

Njira ndi zitatu, malinga ndi zimene muli nazo.

Ya fotokope ndi yachidule. Fufutani mizere ya pensulo, pitani ndi zithunzi za mamilimita 48 zija kwa a fotokope, muwapemphe achepetse kufika pa 25 peresenti. Makina ena amalekeza pa 50. Pamenepo achepetse kawiri, kachiwiriko kuchokera pa kope loyamba. Cha pakati pa khadi achepetse kufika pa 83 peresenti kuti 48 ikhale 40. Dulani tizithunzito, timateni pa pepala la A4 limene mwajambulapo kale malire a makhadi 9, ndipo pepala limenelo likhale mayi wa makope onse. M'mphepete mwa timapepala tomata mumatuluka timizere takuda. Pakanipo inki yoyera yofufutira musanakope.

Ya kompyuta imapatsa zoyera kwambiri. Jambulani chithunzicho ndi foni masana pamthunzi, foni itayang'ana pepala molunjika kuchokera pamwamba. Mukaipendeketsa, Njovu imatuluka yopapatiza kumutu. Tsegulani mu Inkscape, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito popanda intaneti mukangoiika. Sankhani chithunzi, pitani pa Path kenako Trace Bitmap, mugwiritse Brightness cutoff. Imayambira pa 0.45, pepala likatuluka ndi madontho tsitsani nambalayo, mizere ikaduka ikwezeni. Chotuluka ndi chithunzi chimene mungachikulitse kapena kuchichepetsa osaphwanyika. Chotsani timadontho totsalira, kenako Path ndi Simplify kamodzi kokha. Mukabwereza kawiri katatu mano a Ng'ona amasungunuka.

Ngati mwawonjezera mizere ya mu Inkscape momwemo, isandutseni ndi Stroke to Path musanachepetse. Popanda kutero mzere utha kukhala wonenepa momwe unalili thupi litachepa, diso n'kutsekeka. Mawu onse, monga dzina ndi nambala, asandutseni ndi Object to Path, chifukwa kompyuta ya kosindikizira ikakhala yopanda zilembo zimene munasankha imaika zake, mawu n'kusefukira kunja kwa khadi. Zilembo zisachepere mapointi 8.

Amene akugwiritsa foni yokha, ndi pulogalamu monga ibisPaint, atsegule tsamba la mapikiselo 744 ndi 1039, lomwe ndi khadi la 63 ndi 88 pa madontho 300 pa inchi. Ka pangodya ndi mapikiselo 142, ka pakati 472.

Yachitatu ndi chidindo, yoyenera makhadi ochepa. Detsani kachithunzi ka pa fotokope ndi pensulo yofewa, kavundikireni pa chofufutira choyera chachikulu, tikitani kumbuyo ndi chikhadabo. Chithunzi chimasamukira pa chofufutiracho chitatembenuka, ndipo ndi mmene chiyenera kukhalira, chifukwa podinda chimatembenukanso. Semani ndi lezala kuchotsa poyera ponse, mpeni utapendekera kunja kuti tsinde la mzere likhale lotambalala. Mukasemera mkati, mzere umathothoka pa chidindo chachisanu. Kuya kwa mamilimita 2 n'kokwana. Patapata wakutha amagwiranso ntchito pa chithunzi chachikulu, koma ndi wa timabowo, sasunga tinthu ting'onoting'ono.

Chachisanu ndi chiwiri: kuyala pa A4 ndi kusindikiza

A4 ndi mamilimita 210 ndi 297. Makhadi atatu m'lifupi atenga 189, atatu m'litali 264. Kumanzere ndi kumanja kutsala 10.5, kumtunda ndi kumunsi 16.5. Makhadi agundane, kuti mpeni umodzi udule awiri. Timizere tosonyeza podula tikhale kunja, m'malo otsalawo, osati kuzungulira khadi lililonse. Mzere wakuda wa m'mphepete umaulula kuphonya kulikonse.

Izi zimatheka ngati m'mphepete mwa khadi ndi moyera, ndipo ndi zimene tikulangiza. Mukafuna mtundu wofika m'mphepete penipeni, muyenera kuupitiriza ndi mamilimita 3 mbali zonse, khadi n'kukhala 69 ndi 94. Atatu a 69 ndi 207, ndipo makina ambiri safika pafupi chotero ndi mphepete mwa pepala. Pamenepo goneketsani pepala muike anayi m'mizere iwiri, makhadi 8, ndipo mapepala akhala 5 m'malo mwa 4.

Sungani ngati PDF. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document. Mukatumiza ngati chithunzi, imachifinya ndipo m'mphepete mwa tizithunzi mumachita zibalobalo. Kosindikizako nenani momveka kuti asindikize pa Actual size, 100 peresenti, osati Fit to page, imene imachepetsa zonse pang'ono. Yambani ndi tsamba limodzi pa pepala wamba, muyese khadi ndi rula pomwepo musanalipire ena onse.

Makina a tona ndi abwino kuposa a inki yamadzi. Mzuzu ndi wachinyezi, mvula imachedwa kusiya, ndipo mu June ndi July kumachita mawawa ndi nkhungu. Inki yamadzi imayenderera chala chonyowa chikangokhudza, ndipo pepala lomwe lamwa chinyezi limapindika potuluka m'makina otentha. Mapepala anu asungeni m'jumbo yomanga mpaka nthawi yosindikiza.

Pepala la makhadi likhale lokhuthala, la magalamu 250 mpaka 300 pa sikweya mita. La masiku onse ndi la 80, ndipo limaonetsa za kuseri: mnzanu wakhala moyang'anana ndi windo aona mthunzi wa Njovu yanu bwinobwino, chifukwa munaupanga dala kukhala wooneka. Makina ambiri a mu ofesi sakoka pepala lokhuthala kuchokera mu thireyi ya pansi. Afunseni alowetsere pa kathireyi ka pambali, limodzi limodzi. Zikakanika, sindikizani pa la 80 n'kumata pa manila ndi guluu wa kandodo. Guluu wamadzi amakwinyitsa pepala. Tsindirani ndi mabuku olemera usiku wonse musanadule.

Kumbuyo kwa makhadi onse kukhale chimodzimodzi, kodera, kwa timaluwa tobwerezabwereza topanda mpanda. Makina akasindikiza mbali yachiwiri amaphonya ndi milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo mpanda umaonetsa kuphonyako mosiyana pa khadi lililonse. Wosewera wochenjera saloweza malamulo okha. Pakatha masiku awiri adziwa kuti khadi la mpanda wopendekera ndi Ng'ona.

Za kumata pulasitiki: mukamata tsamba lonse n'kudula pambuyo, pulasitiki imagwira pa pepala pokha ndipo imayamba kusendeka m'ngodya. Mukadula kaye n'kumata lililonse ndi mlomo wa mamilimita 2, limalimba koma limakula ndipo limabaya m'manja. Pulasitiki yokhuthala ma micron 80 ndi yokwana. Ya 125 imaumitsa makhadi moti kusakaniza kumavuta.

Podula, ikani katoni pansi, rula yachitsulo pamwamba pa mbali ya khadi, ndipo mudutse ndi lezala katatu mopepuka m'malo mwa kamodzi mwamphamvu. Musafike kumapeto kwa pepala pa mizere yoyamba, kuti timizere tolozera ta mbali inayo tisagwe. Ngodya zizungulizeni pang'ono, ngati mamilimita 3. Chowengera zikhadabo chachikulu chimachita bwino ntchitoyi. Ngodya yosongoka imapindika tsiku loyamba, ndipo khadi lopindika ngodya ndi khadi lodziwika.

Kuyesa ndi anthu

Chitani izi pa tsamba loyeserera lija, musanagule pepala lokhuthala. Pezani anthu asanu amene sanaone zojambulazo ndipo simunawauze mayina: mwana wa sitandade 3, munthu wachikulire amene maso ayamba kufooka, ndi ena atatu. Tambasulani makhadi kuti ngodya zokha zioneke, muwaonetse pa mtunda wa mkono umodzi, muwerenge kufika pa ziwiri, n'kubisa. Funsani kuti, "Mwaona chiyani?" Musafunse kuti, "Mwamuona Fisi?" Yankho mwalipereka kale, ndipo mwaulemu wathu munthu angovomera. Kwa akuluakulu nenani poyera kuti, "Agogo, chikuyesedwa ndi chithunzichi, osati maso anu," apo ayi adzangoti zonse zili bwino.

Lembani mayankho momwe anenera. Anayi mwa asanu akalondola, kachithunziko kapambana. Awiri akatchula chinthu chimodzi cholakwika, monga kuti Fisi ndi galu, akuuzani pokonza: tsitsani matako, kwezani mapewa, fupikitsani mchira, zungulizani makutu. Aliyense akatchula chakechake, mthunziwo ndi wosokonekera. Bwererani ku timabokosi ta masentimita 2 m'malo mowonjezera madontho ndi mizere.

Bwerezani madzulo ndi kandulo kapena tochi ya foni. Kenako ikani khadi pakati pa tebulo, munthu alione chozondoka kuchokera tsidya lina, chifukwa theka la osewera lidzaliona motero masewera onse. Fulu wozondoka amakonda kuoneka ngati mbale ya ndiwo. Mutalikitseni khosi ndi kabokosi kamodzi, miyendo iwiri ituluke bwino pansi pa chigoba, musindikizenso tsamba limodzi, mukayese kwa anthu ena asanu amene sanamuonepo.